Ndinapita kunyumba ya mayi Barbara Hepworth ku St Ives, miyala yobooka ija ndinayamba kuimvetsa

Anzanga amene muli kuno ku UK makamaka inu a kumwera chakumadzulo kuno, Plymouth, Exeter, Truro ndi kwina konseko, mukapeza tsiku la off musangogona ayi, kwerani sitima mupite ku St Ives ku Cornwall mukaone malo amene amawatchula kuti Barbara Hepworth Museum and Sculpture Garden. Ine ndinapitako ndi achemwali anga amene timagwira limodzi ntchito kuchipatala, iwo ali kuwodi ine ndili ku fiyeta, ndipo chibwerereni nkhani yake sikundichoka m'mutu ndiye ndati bola ndilembe.

Kafikidwe kake ndi kosavuta. Sitima yaikulu yopita ku Penzance ija mumatsikira pa St Erth, kenako mumakwera kasitima kena kakang'ono kodutsa m'mphepete mwa nyanja, ulendo wake suposa mphindi 15 koma khalani mbali ya windo loyang'ana kunyanja chifukwa mchenga wa ku Carbis Bay ukamaonekera pansipo ndiye mumangoti eee. Mukatsika pa St Ives mumayenda wapansi, malowa ali pa Barnoon Hill, kamtunda ndithu koma kakafupi, nsapato zikhale zafulati. Tikiti tinagulira pa intaneti tisananyamuke, ndipo panali tikiti ina yophatikiza ndi nyumba yoonetsera zaluso ya Tate St Ives imene ili kufupi komweko ku Porthmeor Beach, ife tinatenga yophatikizayo. Panja pake simungadziwe n'komwe kuti m'katimo muli zinthu, ndi khoma lalitali lamiyala ndi kachitseko basi.

Mayi Hepworth anabadwa mu 1903 ku Wakefield, kumpoto uko ku Yorkshire, anali wosema ziboliboli, mitengo ndi miyala, kenako anayamba kupanganso za bronze. Anasamukira ku Cornwall mu 1939 nkhondo yachiwiri ikuyamba, ali ndi amuna awo a Ben Nicholson ndi ana atatu obadwa tsiku limodzi, tangoganizani mapasa atatu m'nthawi yankhondo kwinaku ukufuna kusema mwala. Nyumba imeneyi, dzina lake Trewyn Studio, anaigula mu 1949 ndipo anakhalamo mpaka pamene anamwalira mu 1975 moto utabuka m'nyumba momwemo. Chaka chotsatira achibale anaitsegula kuti anthu azidzaona, ndipo kuyambira 1980 akuyang'anira ndi a Tate. Ndiye si museum yomangidwa dala ayi, ndi pakhomo pa munthu, pamene ankagona, kudya, ndi kugwira ntchito.

Chipinda chapansi mukangolowa muli zithunzi ndi mbiri yawo yondandalikidwa chaka ndi chaka, anthu ambiri ndinaona akungodutsa kuthamangira kumtunda, koma ine ndikukupemphani imani pamenepo muwerenge, chifukwa zimene zili kumtunda ndi kumunda mudzazimva bwino mukadziwa zimene mayiyu anadutsamo. Bambo awo anali injiniya wa misewu ku Yorkshire, ali mwana ankakwera nawo galimoto poyendera misewu m'mapiri, ndiye kuyambira ali wamng'ono ankaona phiri ndi maso awiri, diso la mwana loona kukongola ndi diso la injiniya loyeza kuti apa pakwera bwanji apa patsika bwanji. Zimenezi zimaoneka m'ntchito zawo zonse.

Titakwera masitepe n'kulowa chipinda cham'mwamba, chowala bwino ndi mawindo akuluakulu, achemwali anaima kutsogolo kwa chosema china chamtengo, chozungulira ngati dzungu, chogobedwa m'kati, m'katimo mopakidwa penti ndipo zingwe zitakungidwa kuchokera mbali ina kupita mbali ina. Anandiyang'ana n'kuti, "Achemwali, ichi ndi chiyani kwenikweni? Ndi munthu, ndi nsomba, kapena ndi zeze?" Funso limeneli ndi limene aliyense amafunsa akaona zosema zosafanana ndi chinthu chodziwika, ndipo nanenso linali pakamwa. Koma nditazungulira chosemacho pang'onopang'ono, ndinaona chinthu chimene sindikanachiona nditangoima malo amodzi: chingwe chilichonse ndi chowongoka kuti nyoo, palibe chokhota ngakhale chimodzi, koma ukamayenda zingwe zonse pamodzi zimapanga mpindiko, ngati phiko la mbalame likupotoka, ukabwerera mmbuyo mpindiko uja umatseguka. Ndiye kuti chinthucho chimasintha ndi mapazi ako. Ukaima chimaima, ukayenda chimayenda.

Nkhani ya zingwe zowongoka zopanga mpindikoyi ndi masamu enieni. Kalekale aphunzitsi a masamu m'mayunivesite a ku Ulaya ankapanga timamodelo ta pulasitala, matabwa ndi ulusi tosonyeza ophunzira mmene mizere yowongoka ingapangire malo opindika, ndipo osema a nthawi ya mayi Hepworth anatiwona timamodelo timeneti, a Henry Moore amene anaphunzira nawo limodzi ku Leeds ananena okha kuti anakatiwona ku Science Museum ku London. Mnzawo wina, a Naum Gabo ochokera ku Russia, amene ankapanga zinthu za pulasitiki ndi nayiloni zooneka ngati zotuluka mu labu, anakhala nawo moyandikana ku Carbis Bay nthawi yankhondo. Ndipo mu 1937 pamene mayi Hepworth anaonetsa ntchito zawo ku London, amene analemba mawu oyamba m'kabuku ka chionetserocho sanali munthu wa zaluso ayi, anali a J. D. Bernal, wasayansi wofufuza ma crystal, munthu woona mmene tizidutswa ta mchere kapena mwala timandandalikirana m'kati. Ndiye sayansi inali pa tebulo pawo pomwe, ankamwa nayo tiyi.

Koma chimene chinandigwira mtima n'chakuti iwo eni zingwezo sankazifotokoza ngati masamu. Ankati zingwezo ndi kukokana kumene ankakumva pakati pa iwo ndi nyanja, mphepo ndi mapiri. Chosema chawo chodziwika kwambiri cha zingwe, Pelagos cha 1946, dzinalo ndi la Chigiriki kutanthauza nyanja, anachisema ku mtengo wa elm atakhala akuyang'ana gombe la St Ives mmene mikono iwiri ya mtunda imakumbatira madzi. Ine ndinagula positikhadi yake ndipo ili pa fuliji pano, ukaiyang'ana umaona funde likupindika, umaonanso chigoba cha nkhono, umaonanso chojambula cha m'buku la masamu, zonse zitatu nthawi imodzi ndipo palibe chimene chili cholakwa. Kwa ife okulira kufupi ndi asodzi kapena amene tinaonapo mono ukulukidwa, bango lililonse lowongoka koma monowo wozungulira ngati mimba, nzeru imeneyi si yachilendo, manja a agogo athu amaidziwa ngakhale sanailembe pa bolodi.

Tsopano mbali imene inandikhudza ine monga munthu wa ku fiyeta. Mwana wawo wamkazi mmodzi mwa atatu aja anadwala matenda a mafupa, osteomyelitis, n'kugonekedwa m'chipatala ku Exeter, ndipo dokotala wa mafupa amene ankamuthandiza, a Norman Capener, anakhala bwenzi la banjali n'kuwaitana mayi Hepworth kuti adzaonerere opaleshoni. Kuyambira 1947 mpaka 1949 anajambula pamanja zithunzi pafupifupi 80 za madokotala ndi manesi ali pa ntchito, nkhope zophimbidwa ndi mamasiki maso okha akuoneka, manja ali m'magulovu. Nditawerenga zimenezi ndinaima kaye, chifukwa ine tsiku lililonse ndimaima m'chipinda chotero, ndimadziwa bata limene limagwa dokotala akatambasula dzanja osalankhula ndipo nesi amamuikira chida choyenera m'manja, ndimadziwa mmene anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amazungulira tebulo mitu itaweramira malo amodzi nyali ikuwala pakati. Ndiye nditabwerera kukayang'ana zosema zobooka zija ndinayamba kuona mfundo ya m'chiuno mmene mutu wa fupa umakhalira m'kachibowo kake, ndinaona nthiti, ndinaona mmene thupi likatsegulidwa m'kati mumakhala mosalala ndi mtundu wina wosiyana ndi kunja. Ndi chifukwa chake, ndikuganiza ine, ankapaka penti m'kati mwa bowo n'kusiya kunja mtengo uli mmene ulili, ankadziwa kuti chamoyo chilichonse kunja ndi kwina m'kati ndi kwina, kaya ndi munthu, kaya ndi papaya.

Achemwali nditawauza zimenezi anati, "Ndiye inu mukuona fupa, ine ndikuona mtondo wa amayi kumudzi, wolondola ndani?" Ndinati tonse, koma osati chifukwa chilichonse chimene munthu wanena ndi cholondola ayi. Pamenepa ndimatsutsana ndi anthu amene amati zaluso zotere aliyense angonena zimene akufuna. Ukati chosema chija ndi galimoto kapena ndi mkwiyo, ndiye kuti sunachiyang'ane. Mtondo ndi mfundo ya fupa zimagwirizana chifukwa zonse ndi chinthu cholimba chogobedwa kuti china chizikhalamo ndi kuzunguliramo, ndiye ngati anthu awiri ayang'anitsitsa, mayankho awo amasiyana dzina koma amakumana pa kapangidwe. Funso lothandiza si lakuti ichi ndi chiyani, koma lakuti ichi chikuchita chiyani, chikukumbatira, chikutseguka, chikukoka, chaimirira ngati munthu kapena chagona ngati phiri.

Kumunda ndiye kunandimaliza. Si munda waukulu, mutha kuuzungulira m'mphindi zisanu ngati muli pachangu, ife tinakhalamo kuposa ola. Mayi Hepworth anaukonza mothandizana ndi mnzawo a Priaulx Rainier, mayi wopeka nyimbo wobadwira ku Natal ku South Africa, ndipo mwina n'chifukwa chake muli zomera zoti ukaziwona umakumbuka kwathu, nsungwi, mitengo yonga kanjedza, maluwa a masamba okhuthala. Zosema za bronze zaikidwa pakati pa zomerazi, zambiri pamalo pomwe mwini wake anaziika, ndipo bronze uja ndi mvula ya ku Cornwall wasanduka wobiriwira mwakuti pena sudziwa pamene tsamba lathera ndi pamene chitsulo chayambira. Chachikulu kwambiri ndi Four-Square (Walk Through) cha 1966, zigulumwa zinayi za makona anayi zosanjikizana ziwiri pansi ziwiri pamwamba, chilichonse chili ndi bowo lozungulira, chachitali kuposa anthu awiri ataberekana. Ukachiyang'ana patali ndi jometri yeniyeni, sikweya ndi seko basi, zouma ngati homuweki, koma ukayandikira n'kusuzumira pabowo umaona nthambi ikugwedezeka, ukasuntha pang'ono umaona nsanja ya tchalitchi cha St Ia, ukawerama umaona mtambo ndi mbalame zam'nyanja zija zikudutsa. Apa mpamene ndinamvetsa kuti bowo lija si malo amene achotsapo kanthu, ndi malo amene akulowetsapo dziko lonse. Mayi Hepworth anayamba kuboola miyala cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ali ku London, asanabwere n'komwe ku Cornwall, ndiye atafika kuno anapeza kuti anthu akalekale anaimika kale mwala wobooka pakati kuthengo kufupi ndi Madron, umene amautchula Mên-an-Tol, anthu ankapisamo ana odwala pokhulupirira kuti achira.

China chimene ndinakhala nacho nthawi ndi River Form, chogona pansi chachitali ngati bwato lakugoba, m'kati mwake munali madzi amvula ndi timasamba titayandama, kuwala kukugunda madziwo n'kumavina kudenga la m'kati mwa bronze. Kamwana kena kachizungu kanagwada pambali panga kakusuzumira bowo lina ine ndikusuzumira lina, tinaonana maso kudzera m'katimo kanaseka. Palinso Two Forms (Divided Circle) cha 1969, seko yogawidwa pakati mbali ziwirizo zitapatukana pang'ono ngati zikufuna kukhudzana, ine ndinaona cell ikugawikana monga timaonera pa maikulosikopu, achemwali anaona nyemba itasweka pakati ikamamera, ndipo mukaganiza bwino ndi nkhani imodzi yomweyo. Chaka cha 1969 n'chimenenso anthu anaponda pamwezi, ndipo mayiyu ankatsatira kwambiri nkhani zimenezo, ali ndi ntchito ina ya chaka chomwecho yotchedwa Disc with Strings (Moon).

Pambali pa munda pali mashedi awo ogwiriramo ntchito, mumasuzumira pagalasi. Maovolosi ali pa msomali atathimbirira ndi fumbi, matchizulo ndi mahamala atandandalikidwa, zitini za penti, ndipo panja pali miyala yoyera ya marble imene sanayambe n'komwe kuisema, yangokhala kudikira munthu amene sadzabweranso. Pamenepa ndinakumbuka osema a ku Mua ndi aja a m'mbali mwa msewu atakhala pansi ndi kasemasema, tchipisi ta mtengo tili mbwee m'miyendo. Ntchito yake ndi imodzimodzi, ndi ya thukuta ndi matuza m'manja, ndipo zinandisangalatsa kuti malowa sakubisa zimenezo, sakukupatsa zosalala zokha ngati zinagwa kumwamba. Mu 1954 mayi Hepworth analandira mitengo ikuluikulu ya guarea yochokera ku Nigeria, ndipo anaisema atangotaya mwana wawo woyamba Paul, amene anafa pangozi ya ndege ya asilikali a Britain (RAF) ku Thailand mu 1953. Ukadziwa zimenezi mabowo akuya a m'mitengo imeneyo suwaonanso ngati masamu okha.

Abale athu a ku Zambia, pali nkhani yanu apa. A Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations amene anafa ndege yawo itagwa kufupi ndi Ndola mu Seputembala 1961, anali bwenzi la mayi Hepworth ndipo ankasunga chosema chawo mu ofesi. Chikumbutso cha a Hammarskjöld chimene chaima kutsogolo kwa likulu la UN ku New York, Single Form, chotalika mamita opitirira 6 chokhala ndi bowo limodzi kumtunda, chinapangidwa ndi mayi ameneyu ndipo chinavundukulidwa mu 1964, ndipo ntchito yake inayambira m'tauni yaing'ono yomweyi ya asodzi.

Ndili m'mundamo maganizo anandithawira kwathu ku Dedza. Ku Chongoni, m'mapanga muja, muli zojambula zofiira za Akafula, mizere, madontho, maseko ena m'kati mwa anzawo, zina ngati dzuwa lotulutsa miyendo, ndipo pambali pake zoyera za makolo athu Achewa za chinamwali ndi za nyau. Malo 127, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006. Tili ana asukulu tinapitako ndipo tinkafunsa funso lomwe lija la achemwali, ichi ndi chiyani, ndipo poti sichinkafanana ndi nyama kapena munthu tinkangodutsa kuthamangira zooneka ngati nyama. Zimandiwawa ndikaganiza kuti ndinachita kuwoloka nyanja kuti ndidzaphunzire kuima phee kutsogolo kwa seko, pamene kwathu zilipo zakale kwambiri kuposa za ku St Ives. Ndikadzapita ku holide ndikakweranso phiri lija ndi ana a mlongo wanga, ndipo sindikawalola kuthamanga.

Zoti mudziwe musanapite: malowa ndi aang'ono, masitepe ndi tinjira ta m'munda n'topapatiza, ndiye ngati muli ndi agogo kapena mwana wa pa pram yambani mwafunsa pa webusaiti yawo za kalowedwe. Nthawi ya summer St Ives imadzaza ngati msika wa Lizulu tsiku la Loweruka, ndiye pitani m'mawa kapena miyezi ya anthu ochepa, ife tinalowa atangotsegula ndipo kwa kanthawi munda unali wathu. Kukagwa kamvula musadandaule, bronze wonyowa amawala bwino kuposa wouma. Antchito ake ndi aulemu, mayi wina amene anali m'chipinda cham'mwamba ataona tikukambirana anabwera n'kutifotokozera mmene ankaboolera timabowo ta zingwe, osatipangitsa kumva ngati tafunsa zopusa. Chakudya tengani chanu ngati mungathe, ife tinalowa pakamalo kena kufupi ndi doko tinalipira ndalama zambiri pa tiyi wozizira ndi kasangweji kopyapyala, ndipo mukagula pasty muziidyera pobisika chifukwa mbalame zam'nyanja za kumeneko zimalanda m'manja.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zonse zisanu. Ku Tate St Ives tinapitako masana ndipo nakonso ndi kwabwino, koma mukakhala ndi nthawi ya malo amodzi okha sankhani kwa mayi Hepworth. Pobwerera mu kasitima kaja achemwali anangokhala chete akuyang'ana gombe, kenako anakunga zala zawo ngati bowo n'kusuzumiramo kuyang'ana nyanja, n'kunena kuti Novembala tibwerenso tidzaone mmene mundawo umaonekera masamba atagwa.